Ndinatsika pa hatchi tili patsogolo, kodi ndinalakwa?

Funso: "Adokotala, ndine mnyamata wa ku Mzuzu, ndimagwira ntchito yosamalira ndi kukwera mahatchi pa famu ina cha ku Viphya. Mwezi wa Okutobala abwana anga ndi anzawo anakonza mpikisano wa mtunda wautali, makilomita ngati 60 m'misewu ya m'nkhalango, ndipo ine ndinakwera hatchi yaikazi ya abwana. Pamalo opimira oyamba dokotala anaiyeza n'kutilola kupitiriza. Titayenda ndithu, inakana kumwa pamtsinje, thukuta linayamba kuuma, ndipo ndinkamva kuti mayendedwe ake asintha, ngakhale inkakokabe chingwe kuti isasiyane ndi anzake. Tinali m'gulu la patsogolo. Ndinatsika n'kuyenda nayo pang'onopang'ono mpaka pomwe panali galimoto. Patapita masiku atatu inali bwinobwino. Abwana anakwiya kuti ndawachititsa manyazi. Akuti dokotala anali ataivomereza, hatchi inkafuna yokha kuthamanga, ndipo siinadwale n'komwe. Anzanga akuti ndine wamantha. Chaka chamawa pali mwayi woti ndikakwere ku South Africa. Kodi ndinalakwa? Nanga hatchi ikavulala pa mpikisano, mlandu umakhala wa ndani: wokwera, mwini wake kapena dokotala?"

Yankho: Achimwene, mtima ukhale pansi, simunalakwe. Zizindikiro zitatu zimene mwatchulazo, kukana madzi, thukuta kuuma hatchi ikadali pa ntchito dzuwa likuswa mtengo, ndi kusintha kwa mayendedwe, ndi zimene ife madokotala a ziweto timaziopa kwambiri pa mipikisano yotereyi. Chimodzi chokha n'chokwanira kuti munthu achepetse liwiro. Zikabwera zonse pamodzi palibenso zokambirana, wokwera amatsika basi. Pa zaka zimene ndakhala ndikupima mahatchi, ambiri amene ndawaona akuchezera pa diripu usiku wonse anali oti zizindikiro zomwezi zinaoneka msanga, wokwera anaziona ndithu, koma anadziuza kuti patsala pang'ono tifika. Zoti hatchi yanu inali bwino patapita masiku atatu si umboni woti munatsika pachabe. Inachira msanga chifukwa munatsika nthawi ikadalipo.

Tiyambe ndi mawu oti hatchiyo inkafuna yokha kuthamanga. Zoti inkakoka chingwe sindikutsutsa, koma chimene chinkaikoka si chikho ayi. Hatchi ndi nyama yokhala m'gulu, ndipo makolo ake kutchire ankasakidwa ndi zilombo zolusa. Yotsalira m'mbuyo ndi imene inkagwidwa. Ndiye ikaona anzake akupita, thupi lonse limaiuza kuti isatsale, kaya yatopa, kaya mwendo ukupweteka. Pa chifukwa chomwecho imabisa ululu, siilira mokuwa momwe amachitira galu kapena mbuzi. Mahatchi a mtundu wa Arab, amene ndi ochuluka pa masewera a mtunda wautali, ndiye ali ndi khama lopitirira muyeso, amatha kuthamanga mpaka kugwa. Choncho kukoka chingwe sikutiuza chilichonse za momwe m'thupi mulili. Kumangotiuza kuti hatchiyo siidzaima yokha, ndipo woyenera kuiimitsa ndi munthu amene ali pamsana pake.

Ndikufuna mumvetse zimene zinkachitika m'thupi mwake pamtsinje paja, chifukwa mukazimvetsa simudzakayikanso. Hatchi ikamagwira ntchito yolemetsa kunja kukutentha imatha kutaya malita 10 mpaka 15 a thukuta pa ola limodzi. Thukuta lakelo lili ndi mchere wambiri kuposa la munthu, ndipo msampha uli pomwepa. Ife anthu tikatuluka thukuta, chimene chimachepa kwambiri ndi madzi, mchere m'magazi umachuluka, ludzu n'kutigwira mwamphamvu. Hatchi imataya madzi ndi mchere pamodzi, ndiye uthenga wa ludzu umachedwa kufika. Imatha kufika pamadzi itauma kale m'thupi, n'kungonunkhiza n'kutembenuka. Wokwera wosadziwa amati ilibe ludzu, tiyeni. Pamenepo magazi akhala atachepa, ndipo thupi limayamba kuwamana matumbo ndi impso kuti likwanitse kudyetsa minofu imene ikuthamangayo. Matumbo amasiya kuyenda, m'mimba mumayamba kupotokola, impso zimayamba kuwonongeka mwakachetechete. Thukuta likauma ndiye kuti njira yaikulu yoziziritsira thupi yatsekeka, kutentha kumangokwera. Kuchokera apo kufika pa ngozi yeniyeni si patali.

Za dokotala, ndilankhule ngati mmodzi wa iwo. Pa mipikisano ya FEI, bungwe limene limayendetsa masewera a mahatchi pa dziko lonse, ulendo umagawidwa m'zigawo, ndipo kumapeto kwa chigawo chilichonse hatchi imapimidwa. Mtima wake uyenera kutsika mpaka kugunda ka 64 pa mphindi kapena kucheperapo pasanathe mphindi 15 ifikireni, ndipo pomaliza penipeni amapereka mphindi 20. Timayang'ana nkhama ngati zili zonyowa, ndipo tikazidina ndi chala mtundu wake ubwerere pasanathe masekondi 2. Timatsina khungu kuona ngati libwerera msanga, timamvetsera ngati matumbo akulira mbali zonse ziwiri, timapapasa msana pomwe pamakhala chishalo, kenako hatchi imathamangitsidwa pang'ono, kupita ndi kubwerera, kuti tione ngati ikutsimphina. Ndi dongosolo labwino ndipo lapulumutsa mahatchi ambiri. Koma zonsezi zimatenga mphindi zochepa. Hatchi ikachoka pamaso pathu imakhala ola limodzi, awiri kapena kuposerapo ili kutchire ndi wokwera yekha. Zimene ndimalemba pa khadi zimanena momwe inalili pa nthawi imene ndinaigwira. Sizilonjeza za makilomita 20 akutsogolo, za phiri limene ikakwere, kapena za liwiro limene wokwera asankhe akaona mnzake akumupitirira. Komanso inu amene mumaidyetsa ndi kuikwera tsiku ndi tsiku mumamva kusintha kwa kapondedwe kake kusanayambe kuoneka ndi maso a munthu woima pambali. N'chifukwa chake malamulo a FEI amati woyamba kuyankha za hatchi pa mpikisano ndi wokwera, ngakhale kuti mwini wake ndi woiphunzitsa nawonso amatha kulangidwa. Munthu amene amati "dokotala anavomereza" pomwe iye ankamva kuti hatchi siili bwino, akungofuna poponyera mlandu.

Tsopano tifike pa nkhani imene kalata yanu yaikhudza osaitchula dzina, ya mtima wathu ife anthu. Masewerawa anabadwa chifukwa cha munthu wofuna kutsimikizira anzake chinachake. Mu 1955 Wendell Robie wa ku California anafuna kuonetsa kuti hatchi ya masiku ano ingathe kuyenda mamailosi 100, amene ndi makilomita ngati 160, tsiku limodzi kudutsa mapiri a Sierra Nevada. Ulendo umenewo ndi umene lero umadziwika kuti Tevis Cup, ndipo mpaka pano pafupifupi theka la oyamba ndi amene amamaliza. Ine sindiona cholakwika pa mtima wofuna kupambana. Popanda mtima umenewo palibe angadzuke mbandakucha kukaphunzitsa hatchi m'chifunga cha ku Chikangawa. Koma okonza Tevis anazindikira msanga kuti mtima umenewu umafunika chingwe, ndipo anaika chikho chachiwiri, Haggin Cup, chimene chimapita kwa hatchi yathanzi kwambiri mwa mahatchi 10 oyamba kufika, itapimidwa m'mawa mwake. Okwera ambiri akalekale amachilemekeza chikho chimenechi mofanana ndi choyambacho, ena kuposa.

Pomwe chingwecho chinamasuka, zotsatira zake zinaoneka poyera. Pa mipikisano ya m'chipululu, pamalo athyathyathya, ndalama zambiri zitalowamo, mahatchi anayamba kuthamangitsidwa pa liwiro lopitirira makilomita 25 pa ola kwa maola ambiri, ndipo kuthyoka mafupa ndi kugwidwa ndi mankhwala oletsedwa kunachuluka. Mu Januwale 2015 hatchi ina inathyoka miyendo yonse iwiri yakutsogolo ili pa mpikisano ku United Arab Emirates, zithunzi zake zinafalikira dziko lonse, ndipo mu Marichi chaka chomwecho FEI inaimitsa bungwe la masewera a mahatchi la dzikolo. Mu Sepitembala 2018, pa mpikisano waukulu wa dziko lonse ku Tryon m'dziko la America, akuluakulu anathetsa mpikisano uli mkati chifukwa cha kutentha ndi chinyezi komanso kuchuluka kwa mahatchi ofunika chithandizo. Ena amene anali patsogolo anakwiya kwambiri, ndipo mbali ina tingawamvetse poti tsikulo linayamba ndi chisokonezo cha okonza. Komabe hatchi imodzi siinapulumuke, impso zake zinawonongeka.

Musaganize kuti awa ndi mavuto a anthu olemera akutali okha. Matama amene amapweteka hatchi ku Dubai ndi omwewo amene amapweteka hatchi ku Viphya, kusiyana kwake ndi kukula kwa mphoto basi. Ndipo kawirikawiri sabwera ngati nkhanza. Okwera amene ndawaona akupitirira muyeso ambiri anali anthu okonda mahatchi awo ndi mtima wonse, ena ankalira misozi pambuyo pake. Chimene kufuna kupambana kumachita ndi kupotoza kamasulidwe ka zimene maso akuona. Hatchi yakana madzi, munthu amati madziwo ndi akuda. Yayamba kupondera mbali, amati yaponda kamwala, zisiya. Mtima wachedwa kutsika, amati yangosangalala ndi anzake. Chifukwa chilichonse pachokha chimamveka, ndipo n'chimene chimaopsa. Palinso kudzikuza kwina kumene kumavala malaya aulemu. Ku America okwera a mtunda wautali ali ndi mawu awo otchuka oti kumaliza ndiko kupambana, ndipo cholinga chake n'chabwino, chofanana ndi chathu chija choti kuthamanga sikufika. Koma ndaonapo anthu akukokera hatchi yotheratu kuti angodutsa pamzere womaliza, ati sanasiyepo mpikisano panjira chiyambire. Mbiri imeneyo ndi ya munthu, hatchi ilibe nayo ntchito. Ena amakakamira chifukwa cha ndalama zimene awononga pa ulendo, ena chifukwa analengeza kale pa Facebook kuti akukapikisana, ena chifukwa amadziona kuti amaidziwa hatchi yawo kuposa dokotala aliyense.

Mankhwala a zimenezi amene ndawaona akugwira ntchito ndi amodzi: kudziikira malire usanakwere, mutu ukadali wozizira, n'kuuza munthu wina. Mwachitsanzo, ikakana madzi kawiri motsatizana titayenda kale mtunda ndithu, ndikuchepetsa liwiro mpaka itamwa. Mtima ukachedwa kutsika kuposa momwe umachitira pophunzira, sindipitiriza ngakhale utatsika mpaka 64 nthawi yololedwa itatsala pang'ono kutha. Ndikamva kutsimphina, ndikutsika kuti ndione. Munthu amene wasankha zimenezi dzulo savutika kukangana ndi mtima wake lero pomwe chikho chikuoneka.

Nkhani yanu ili ndi mbali ina yovuta, ndipo sindiipeputsa: hatchi si yanu, ndipo ntchitoyo ndi imene imakudyetsani. Wokwera waganyu amapanikizika pakati pa chiweto ndi malipiro. Apa ndi pamene ndimati mlandu umagawanika, ngakhale kuti sugawanika mofanana. Mwini hatchi ndi amene amasankha ngati ilowe mpikisano, ngati yaphunzitsidwa mokwanira, ndiponso ngati wokwera wake ali ndi ufulu wotsika osaopa kuchotsedwa ntchito. Bwana amene amakalipira wokwera chifukwa chotsika akuphunzitsa okwera ake onse kuti ulendo wina adzatseke maso, ndipo tsiku limene hatchi idzagwe mlandu waukulu udzakhala wake. Okonza mpikisano nawonso ali ndi gawo lawo. Okutobala ndi mwezi wotentha ngakhale kumtunda kuno. Mlimi wa ku Mzimba amamanga ng'ombe pagoli kusanache n'kuzimasula dzuwa likakwera, ndipo mpikisano wa mwezi umenewu umafunika nzeru yomweyo: kuyamba m'bandakucha, madzi pafupipafupi, ndi galimoto yokonzeka kukatenga hatchi kulikonse kumene yaima. Ife madokotala gawo lathu ndi kukana molimba mtima ngakhale mwini hatchi akhale munthu wamkulu bwanji. Koma pakati pa malo opimira awiri, onsewa kulibe. Kuli inu nokha. Ndi bwinonso kudziwa kuti lamulo la dziko lino loteteza nyama limaletsa kuzunza chiweto, ndipo silisankha kuti ndi bulu wa pangolo kapena hatchi ya mtengo wapatali.

Abwana anu musawayankhe pagulu, ndipo musapite kwa iwo ngati munthu amene wapambana mtsutso. Dikirani mtima wawo utsike, muwapeze paokha, muwauze kuti mukumvetsa kukhumudwa kwawo, kenako mufotokoze zimene munaona mwa dongosolo lake: pamtunda wakuti inakana madzi, pakuti thukuta linauma. Pemphani kuti afunse dokotala amene anapima tsikulo kuti hatchi yoonetsa zimenezi ikadapitiriza makilomita otsalawo ikadatani. Eni mahatchi ambiri akamva kuchokera kwa dokotala kuti chiweto chawo chikadatha kufa kapena kulumala amasintha maganizo. Ndipo mpikisano wina usanafike, mugwirizane momveka bwino kuti mukakhala pamsana, chisankho chotsika ndi chanu. Akakana zimenezo, ganizirani mofatsa ngati mungapitirize kuwakwerera pa mipikisano. Za anzanu okusekaniwo zisiyeni, sizichedwa kutha.

Pokonzekera za m'tsogolo, kumbukirani kuti ziwalo za hatchi sizilimba nthawi imodzi. Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito m'miyezi yochepa, koma mitsempha ya m'miyendo ndi mafupa zimafuna chaka kapena zaka. Hatchi imatha kuoneka yamphamvu, yosapuma wefuwefu, miyendo ikadali yosakhwima, ndipo apa ndi pamene ambiri amaivulazira. N'chifukwa chake FEI siilola hatchi yosakwana zaka 8 kulowa mpikisano wa makilomita 160, ndiponso imalamula masiku opuma pambuyo pa mpikisano uliwonse. Gulani chomvera kugunda kwa mtima ndi choyezera kutentha kwa thupi, sizodula kwambiri. Hatchi yathanzi ikapuma, mtima umagunda pakati pa ka 28 ndi ka 44 pa mphindi, ndipo thupi limatentha madigiri 37.5 mpaka 38.5. Dziwani manambala a hatchi yanuyo, muziwalemba m'kope. Phunziraninso kayezedwe aka kamene timagwiritsa ntchito: werengani kugunda kwa mtima, ithamangitseni pang'ono mamita 40 kupita ndi 40 kubwerera, ndipo pakatha mphindi imodzi chiyambireni kuthamangako werenganinso. Nambala yachiwiri ikakwera ndithu kuposa yoyamba, hatchi yatopa kapena pali pomwe pakupweteka. Musaiwale kuti Mzuzu ndi kozizira. Hatchi yozolowera kuno mukaitsitsira ku Nkhata Bay kapena ku Kande imafuna masabata angapo kuti izolowere kutentha musanaipatse ntchito yolemetsa. Komanso matenda a nkhupakupa ndi a kashembe amachepetsa magazi mobisika, ndiye hatchi imene ikutopa msanga popanda chifukwa chooneka iyezedwe magazi, ndipo katemera wa matenda a mahatchi otchedwa African horse sickness asaphonye.

Ku South Africa pitani, mukaphunzira zambiri. Kumeneko masewerawa ndi okhazikika, ndipo mpikisano wawo wotchuka wa ku Fauresmith m'chigawo cha Free State ndi wa makilomita opitirira 200 m'masiku atatu. Vuto lanu lidzakhala loti mudzakwera hatchi yosaidziwa. Pemphani kuona buku la mbiri yake ya mipikisano, funsani ngati inaimitsidwapo ndi chifukwa chake, ndipo chezani ndi amene amaisamalira m'khola, mwina adzakhala m'bale wathu wochokera kuno. Iyeyo ndi amene amadziwa ngati imamwa panjira komanso mwendo umene umatupa. Munthu akakupatsani mankhwala oti mupatse hatchi mpikisano usanayambe kuti isamve ululu, kanani. N'zoletsedwa, wolangidwa woyamba ndinu, ndipo hatchi yosamva ululu imathamanga pa mwendo wong'aluka mpaka utathyoka.

Zikadzachitikanso ngati za ku Viphya zija, chotsani chishalo, ikani hatchi pamthunzi, ithireni madzi ozizira ambiri thupi lonse mosalekeza, ndipo muziipatsa madzi akumwa osaikakamiza. Musaipatse mchere wambiri wa m'kamwa ngati siikumwa, ndipo musaipatse mankhwala opha ululu monga bute ili youma m'thupi, chifukwa amamaliza impso. Munachita bwino kuyenda nayo pang'onopang'ono, koma ikakhala kuti minofu ya m'matako yauma gwa, ikukana kusuntha, kapena mkodzo wake wada ngati tiyi wopanda mkaka, musaiyendetse n'komwe, galimoto ndi imene ibwere. Itanani dokotala nthawi yomweyo mtima ukakhalabe pamwamba pa 64 patatha theka la ola, kutentha kukapitirira madigiri 40 osatsika, m'mbali mwa mimba mukamadumpha mogwirizana ndi kugunda kwa mtima, ikamapalasa pansi, kuyang'ana pamimba kapena kufuna kugubuduka, ikakana udzu, kapena pakapita maola osakodza. Pitirizani kuiyang'anira masiku atatu otsatira, chifukwa kutupa kwa m'kati mwa ziboda kumatha kubwera mochedwa: ziboda zimatentha ndipo hatchi imaima motsamira kumbuyo. Mahatchi ndi ochepa kuno kumpoto, choncho si dokotala aliyense wa ziweto amene amakhala ndi zipangizo zake. Funsani ku ofesi ya ziweto ya Mzuzu ADD nthawi ikadalipo kuti ndani angakuthandizeni, mukhale ndi nambala yake tsiku la mpikisano lisanafike.

Hatchi yaikazi ija, ngakhale ikuoneka bwino, isabwerere pa ntchito yolemetsa isanapimidwe. Dokotala aione miyendo yonse inayi ndi msana kuti apeze chimene chinasintha mayendedwe ake, ndipo ngati n'kotheka ayeze magazi kuona momwe impso ndi minofu zilili komanso ngati mulibe matenda a nkhupakupa. Zonse zikakhala bwino, yambani ndi kuyenda wamba makilomita ochepa m'mawa kusanatenthe, ndipo sabata iliyonse muziwonjezera mtunda kapena liwiro, osati zonse ziwiri nthawi imodzi.